Mwini Chithunzi Ndani? Za Mapangano a Ojambula ndi Osindikiza Mabuku

Mwana wa Sitandade 1 pa sukulu iliyonse ya m'dera la Mfumu Mwadzama, kum'mwera kwa boma la Nkhotakota, akalandira buku lake loyamba sayamba ndi mawu, pakuti zilembo sanazidziwe. Ayamba ndi chithunzi. Aona bwato, aona mayi ali kusinja, aona nsomba pathandala, ndipo pomwepo mphunzitsi amuonetsa chilembo choyamba cha dzina la chinthucho. Chotero munthu amene anajambula zithunzizo ali kuphunzitsa mwanayo pamodzi ndi mphunzitsi, angakhale sanapondepo pa sukulupo. Koma mukafunsa dzina lake, ndi owerengeka amene angakuuzeni; ndipo mukafunsa ngati munthuyo alandirako kanthu pamene bukulo lisindikizidwanso, kawirikawiri yankho likhala lakuti iyayi.

Nkhani iyi tiilemba chifukwa masiku ano siikhudza a m'mizinda okha. Mnyamata amene alemba zikwangwani za masitolo pa Benga, m'mbali mwa msewu wa M5, kapena amene alemba maina pa maboti a asodzi kunyanja, akhoza tsopano kuonetsa luso lake pa foni, napeza ntchito yochokera ku Lilongwe, ku Blantyre, ngakhale kunja kwa dziko. Ichi ndi chinthu chokondweretsa. Koma pamodzi ndi ntchitoyo pabwera kapepala ka Chingerezi koti asaine msanga, ndipo m'kapepalamo ndimo mugona nkhani yonse. Awerengi athu ayenera kudziwa chimene munthu apereka pamene aika dzina lake pamenepo.

Kubwereketsa Munda ndi Kugulitsa Munda

Pa chithunzi chilichonse pali zinthu ziwiri zimene anthu ambiri aziyesa chimodzi. Choyamba ndi pepala lenilenilo limene mmisiri anajambulapo. Chachiwiri ndi umwini wa chithunzicho, ndiko kuti mphamvu yakuloleza kapena kukaniza ena kuchisindikiza, kuchichulukitsa, kuchisintha, kapena kuchiika pa malaya, pa kalendala ndi pa intaneti. Pepala lingathe kung'ambika kapena kudyedwa ndi chiswe, koma umwini ukhalabe, ndipo ndiwo ubala ndalama.

Anthu a kwa Mwadzama sadzavutika kumva ichi, pakuti adziwa za minda ya mpunga kudambo. Munthu akasowa ndalama akhoza kubwereketsa munda wake chaka chimodzi. Wobwerekayo alima, akolola, nachoka. Munda ubwerera kwa mwini wake, ndipo ana ake adzalimapo. Koma akaugulitsa, alandira ndalama kamodzi kokha, ndipo chaka chamawa aima kumalire kuyang'ana wina ali kukolola. Pangano la wojambula liri chimodzimodzi. Pali pangano la chilolezo, limene linena kuti kampani isindikize zithunzi izi m'buku lakuti, m'chinenero chakuti, kwa zaka zakuti. Palinso pangano lakusamutsa umwini, limene lichotsa zonse m'manja mwa mmisiri mpaka kalekale. Chodandaulitsa ndi ichi: ojambula ambiri odzigwirira okha ntchito, amene salandira malipiro a pamwezi kapena penshoni, agulitsa munda pa mtengo wa kubwereketsa.

Mawu Ofunika Kuwachenjerera

Mapangano otere afanana pa dziko lonse, ndipo mawu ake adziwika. Oyamba ndi akuti wojambula apereka umwini wonse, m'maiko onse, kwa nthawi zonse, m'njira zonse zimene zilipo ndi zimene zidzatulukire m'tsogolo. Mzere umodzi wokhawo ukwanira kuti chithunzi chojambulidwira buku la Chichewa chikapezeke m'buku la Chiswahili kapena la Chipwitikizi, pa chikwangwani cha malonda, kapena m'kanema, mwini wake osapatako ngakhale tambala. Nthawi zina pangano limuletsa ndi kuonetsa komwe chithunzicho kwa ena pofuna ntchito ina.

Achiwiri ndi akuti malipiro aperekedwa kamodzi kokha. Tiyeni tingoyerekeza kuti tione kusiyana kwake. Buku la ana ligulidwa pa K4,000, ndipo m'zaka zingapo makope 20,000 agulidwa. Ku Britain ndi ku America, pa mabuku a ana a zithunzi, mwambo wofala ndi wakuti wolemba ndi wojambula agawana pakati 10 pa 100 alionse a mtengo wa buku. Mwa chiwerengero chimenechi wojambula wathu akadalandira K200 pa buku lililonse, ndiko kuti K4,000,000 zonse pamodzi. Ngati anavomera K300,000 ya kamodzi, zotsalazo zapita kwina. Ndiponso ndalama ya kamodzi isungunuka. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 alionse, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100 alionse, dola imodzi nichoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mtengo wa buku m'sitolo unakwera potsata zimenezi, ndipo wokhala ndi gawo pa buku lililonse akwera nawo. Koma wolandira kamodzi anatsala pomwe analipo.

Achitatu akhudza dzina. Mapangano ena auza wojambula kuti avomereze kusatchulidwa, ndi kuti kampani ikhoza kudula, kusintha maonekedwe kapena kupatsa wina kuti aonjezere pa zithunzi zake. Kwa mmisiri wodzigwirira yekha ntchito dzina ndilo chikwangwani cha sitolo yake. Wopanda dzina m'buku sapeza ntchito yachiwiri chifukwa cha ubwino wa yoyamba.

Achinayi ndi akuti malipiro adzaperekedwa buku likatuluka, kapena kampani ikakhutira. Buku likhoza kuchedwa zaka ziwiri, kapena kulekeka konse, koma mmisiri anagula kale utoto ndi mapepala, nataya miyezi yake. Pamene pangano silinena kuti zokonza zidzakhala kangati, munthu abwereza chithunzi chimodzi kasanu pa mtengo womwewo. Achisanu ndi akuti pakabuka mlandu uliwonse pa zithunzizo, wojambula ndiye adzalipira zonse, kuphatikizapo maloya a kampani. Taonani kudabwitsa kwake: phindu lonse lipita kwa wamphamvu, koma tsoka lonse litsala kwa wosauka.

Masiku ano paonjezeka mawu achisanu ndi chimodzi. Pali makina a kompyuta amene aphunzira kujambula mwa kuona zithunzi zambirimbiri za anthu. Mu January 2023 ojambula atatu a ku America anasumira makampani ena opanga makina otere, ponena kuti zithunzi zawo zinatengedwa popanda chilolezo. Munthu amene anasainira njira zonse za m'tsogolo alibe pakamwa ngati zithunzi zake ziperekedwa kwa makinawo, kuti mawa makina omwewo agwire ntchito imene iye akadagwira.

Nanga bwanji anthu asaina? Sikuti ndi opusa. Akuluakulu anati fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Munthu amene fizi ya mwana ifunika Lolemba saganiza za makope a zaka khumi zikudzazo. Aopanso kuti akafunsa mafunso ntchito ipatsidwa kwa wina.

Zimene Zinaoneka Kwina

Mbiri ya dziko lapansi itipatsa zitsanzo zoti tiphunzirepo. M'chaka cha 1938 anyamata awiri a ku Cleveland, ku America, wolemba Jerry Siegel ndi wojambula Joe Shuster, anagulitsa nthano yawo ya Superman pamodzi ndi umwini wake wonse kwa kampani ya Detective Comics pa madola 130. Nthanoyo inalemeretsa eni kampani kwakukulu. Pamene awiriwo anapita kubwalo la milandu m'chaka cha 1947 kufuna umwini wawo, sanaupeze. Ntchito inawathera, ndipo maina awo anachotsedwa m'mabukumo. Shuster anakalamba ali wosauka, maso ake atafooka. Munali m'chaka cha 1975, anzawo ojambula atachita phokoso, pamene eni kampani anavomera kupatsa aliyense madola 20,000 pa chaka ndi kubwezera maina awo. Zindikirani kuti chimene chinawathandiza sichinali pangano lawo, koma kugwirizana kwa anzawo.

Chitsanzo china chiri pafupi nafe, angakhale chikhudza nyimbo. Solomon Linda, wa ku South Africa, anajambulitsa nyimbo yake ya Mbube ku Johannesburg m'chaka cha 1939, ndipo zimveka kuti analandira masheleni 10 okha. Nyimboyo inayenda dziko lonse ndi maina ena, nilowa m'kanema wa The Lion King, koma iye anamwalira wosauka m'chaka cha 1962. Ana ake anapeza chilungamo m'chaka cha 2006 chifukwa cha ndime ina ya lamulo la Britain la 1911, imene inati patapita zaka 25 mwini luso atamwalira, umwini ubwerere kwa a pabanja pake ngakhale anaugulitsa. Amene analemba ndimeyo anadziwa kuti mmisiri agulitsa motchipa pa tsiku la njala.

Kwathu kuno tidziwanso kuti chojambula chikhoza kukhala chuma. Awerengi achikulire akumbukira Joza wa Vic Kasinja ndi Pewani wa Brian Hara, amene anthu anali kuwafunafuna poyamba asanawerenge nkhani zina m'nyuzipepala. Palibe munthu angadziwiretu pa tsiku loyamba kuti chojambula chake chidzakondedwa chotero. Ndicho chifukwa chake kugulitsa zonse pa tsiku loyamba kuli ngati kugulitsa mpunga usanatulutse ngala.

Lamulo Lathu Linena Chiyani?

Dziko la Malawi silinagone pa nkhani ya umwini wa zaluso. Titalandira ufulu wodzilamulira, Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lathulathu m'chaka cha 1965. M'chaka cha 1989 panabwera lina, limene linakhazikitsa bungwe la COSOMA, ndipo bungwelo linayamba ntchito m'chaka cha 1992. M'chaka cha 1991 dziko lathu linalowa m'pangano la maiko la Berne. Lamulo latsopano linapangidwa m'chaka cha 2016, ndipo liteteza ntchito ya mmisiri moyo wake wonse ndi zaka zina 50 atamwalira. Pangano la Berne linenanso momveka kuti, ngakhale munthu atasamutsa umwini wa ndalama, atsala ndi ufulu wakutchulidwa kuti ndiye mwini ntchito, ndi wakukana kusintha kumene kunganyozetse mbiri yake. COSOMA itolera ndalama kwa amene agwiritsa ntchito zaluso za ena, nizigawa kwa mamembala ake. Ndipo ojambula ayenera kudziwa kuti bungweli si la oyimba okha.

Boma liyenera kuyamikiridwa pa zimenezi. Koma tinene zoona: lamulo silingawerengere munthu pangano lake. Pamene ntchito ichitidwa mwa kutumidwa ndi wina, mawu a papepala ndiwo akhala mboni yaikulu pa funso lakuti mwini ndani. Zaka 50 zija zikhala za ana a wojambula ngati sanagulitse. Ngati anagulitsa, zikhala za kampani. Chotero lamulo lomwelo limene linapangidwa kuti lisunge mmisiri likhoza kusunga amene anamugula motchipa.

Maiko ena anaona mpata umenewu nautseka. Ku America lamulo la 1976 lilola mwini luso kutenganso umwini wake patapita zaka 35, angakhale ufulu umenewu sufika kwa amene anasaina kuti ntchito yake ndi ya womulemba ganyu. Ku Germany, kuyambira 2002, mmisiri ali ndi ufulu wolandira malipiro oyenera, ndi wofunsa kuonjezeredwa ngati ntchito yake yapindula koposa muyeso wa zimene analandira. Maiko a mu European Union anagwirizana m'chaka cha 2019 kuti osindikiza aziuza eni luso chaka ndi chaka m'mene ntchito zawo ziyendera, ndi kuti umwini ukhoza kubwezedwa ngati kampani ingousunga osaugwiritsa ntchito. Izi ndi nzeru zimene aphungu athu angathe kuzilingalira pa nthawi yokonzanso lamulo.

Mbali ya Osindikiza

Sikukadakhala chilungamo kuweruza mlandu titamva mbali imodzi. Wosindikiza mabuku m'dziko muno ali pa mavuto enieni. Mapepala ndi inki zichokera kunja, ndipo ndalama zakunja zivuta kupeza. Ogula mabuku a nthano ndi ochepa. Buku likangotuluka, ena alichulukitsa pa makina a fotokope naligulitsa motchipa. Wosindikiza ndiye aika ndalama zake patsogolo, ndipo buku likakanika kumsika ataya yekha. Anenanso kuti buku la sukulu likhala ndi ojambula angapo, ndipo sikutheka kufunafuna aliyense pamene afuna kulisindikizanso. Ndiponso tivomereze kuti pa buku logulidwa pang'ono, ndalama ya kamodzi ikhoza kuposa gawo.

Zonsezi tizimva. Koma zifukwa izi zifuna chilolezo chokwanira, sizifuna umwini wonse. Wosindikiza afuna kusindikiza buku lake mopanda chomuvuta. Apatsidwe chilolezo cha bukulo, cha zaka zisanu kapena khumi, pamodzi ndi mtengo wodziwikiratu wa kusindikizanso. Nanga malaya, makalendala ndi maiko a kutsidya kwa nyanja, kumene iye sadzafikako konse, awatengeranji? Wobwereka bwato kuti aoloke pa Chia safunika kutenga ndi ukonde womwe.

Mabuku Aulere

Pali njira inanso imene yafala m'zaka zino. Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere ndipo ana a sukulu anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, njala ya mabuku siinathe. Mabungwe othandiza, monga African Storybook ya ku South Africa imene iri ndi nthano m'zinenero zambiri za mu Africa, atulutsa mabuku a ana pa chilolezo chotseguka chotchedwa Creative Commons. Pa mtundu wofala wa chilolezochi munthu aliyense akhoza kuchulukitsa buku, kulimasulira, kulisintha, ngakhale kuligulitsa, malinga atchule dzina la mwini wake. Ndipo chilolezocho chikaperekedwa sichibwezedwa.

Kwa mwana wa kwa Mwadzama amene agawana buku limodzi ndi anzake angapo, iyi ndi mphatso yaikulu, ndipo sitiitsutsa. Koma mphatsoyo isachokere m'thumba la wojambula iye osadziwa. Auzidwe m'chinenero chake kuti sipadzakhalanso malipiro ena, ndipo mtengo wa tsiku loyamba ukhale wolingana ndi zonse zimene ali kupereka.

Chofunika Kuchita

Kwa ojambula tinena izi. Musasaine pa tsiku lomwe mwalandira pepala. Safunsa anadya phula. Pezani wodziwa Chingerezi akumasulireni mzere ndi mzere. Funsani mafunso asanu: zithunzi zanga zidzalowa m'buku liti, m'maiko ati, kwa zaka zingati, ndidzalandira chiyani likasindikizidwanso, ndipo dzina langa lidzalembedwa pati? Pemphani gawo la malipiro musanayambe ntchito, ndi lina ngati ntchito ilekeka panjira. Sungani zojambula zanu zoyamba, kope la pangano, ndi mauthenga onse a pa foni. Ngati kampani iumirira umwini wonse, mtengo ukhale wa kugulitsa munda, osati wa kubwereketsa. Lembetsani ku COSOMA, ndipo lowani m'mabungwe a amisiri anzanu, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo mtengo umene onse agwirizana suthyoledwa ndi njala ya mmodzi.

Kwa osindikiza tinena kuti pangano lachilungamo ndi malonda abwino. Mmisiri wodziwa kuti adzadya nawo za buku aikapo mtima wake wonse, ndipo sathawira ku zikwangwani za masitolo kumene alandira ndalama yake dzuwa lisanalowe.

Mphamvu yaikulu iri m'manja mwa Boma, chifukwa ndilo wogula mabuku wamkulu m'dziko muno, ndipo mabuku a pulayimale akonzedwa ndi bungwe lake la Malawi Institute of Education ku Domasi. Unduna wa Maphunziro ukanena kuti buku lililonse lolowa m'sukulu litchule ojambula ake, ndi kuti pakhale umboni wa pangano lolembedwa bwino, msika wonse udzatsata popanda kudikira lamulo latsopano. COSOMA, pamodzi ndi mabungwe a osindikiza, a alembi ndi a ojambula, ingathe kukonza pangano lachitsanzo la tsamba limodzi kapena awiri, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, loti lizipezeka pa ofesi ya boma lililonse ndi pa foni. Ntchito imeneyi siifuna ndalama zambiri. Ifuna kukhala pansi pamodzi.

Tifuna kuti ana athu aone m'mabuku mwao bwato la kwao, mtondo wa kwao ndi nkhope zonga zao, zojambulidwa ndi munthu wodziwa m'mene mwera ugwedezera nyanja m'mwezi wa July. Anthu otere alipo, pa Benga ndi m'midzi ina yambiri. Adzakhalabe pa ntchitoyi ngati iwadyetsa iwo ndi ana awo, ndipo ichi chiyamba ndi mawu a papepala limene asaina.